Moto wa Paulendo: Kuchokera pa Kaphirintiwa Kufika pa Laita ya M'thumba

Pa mwambo uliwonse waukulu wa makolo, dzuwa likalowa ndipo ng'oma zikayamba kupuma, anthu ochokera kutali amabwerera ku misasa yawo, ndipo posakhalitsa dera lonse limadzala ndi timoto tambirimbiri. Amayi amatereka miphika pa mafuwa, abambo amazungulira chikuni, ana amakwirira mbatata m'phulusa. Mwa timoto tonseti n'kovuta kupeza kamodzi kamene kayatsidwa monga ankayatsira makolo. Wina wakanda kamtengo ka machesi pa bokosi, wina wapukusa kagudumu ka laita ndi chala, ndipo m'kuphethira kwa diso lawi laoneka. Chifukwa cha kufulumira kumeneku, ambiri anaiwala kuti moto umasowa. Amakumbukira pokhapokha usiku wa chiperoni, pamene machesi anyowa, laita yakana, mudzi uli kutali ndipo ana akunjenjemera. Pamenepo funso lakale limabwerera: kodi moto wodalirika pa ulendo ndi uti? Amaravi analiyankha funsoli machesi asanabwere, ndipo yankho lawo likadali lothandiza kwa munthu amene lero waima m'sitolo kufuna kusankha laita.

Timitengo tiwiri ta pa Kaphirintiwa

Nthano ya chiyambi cha dziko imene Achewa anasunga imati Chauta, mwamuna ndi mkazi oyamba, pamodzi ndi nyama zonse, anatsika kumwamba ndi mvula n'kutera pa thanthwe la Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama cha ku malire a Malawi ndi Mozambique. Thanthwelo linali lofewa, ndipo mapazi awo anadinda pamenepo. Onse ankakhalira limodzi mwamtendere kufikira tsiku limene munthu anatenga timitengo tiwiri, kena kofewa kena kolimba, n'kuyamba kupeka. Utsi unafuka, lawi linabuka, tchire linagwira moto. Nyama zinabalalika ndi mantha ndi mkwiyo, kupatula galu ndi mbuzi zimene zinathawira kwa munthu. Bilimankhwe anakwera mumtengo, ndipo kangaude anapota ulusi umene Chauta anakwerera kumwamba. Pochoka, Chauta analamula kuti kuyambira pamenepo munthu azifa.

Nthano imeneyi ili ndi zinthu ziwiri zoyenera kuzisunga. Choyamba, imatchula chipangizo chenicheni choyatsira moto, ndi mmene chimakhalira: mtengo wolimba pa mtengo wofewa. Chachiwiri, moto woyamba m'mbiri ya Achewa ndi moto umene unapulumuka m'manja mwa mwini wake. Motero kuyambira pachiyambi makolo anaphunzitsa luso loyatsa pamodzi ndi mantha oyenera.

Nthaka nayo ili ndi umboni wake. Akatswiri ofukula zakale anayerekeza zida za miyala zopezeka ku Karonga ndi makala komanso mungu wa zomera zimene anazitulutsa m'matope a pansi pa nyanja ya Malawi. Zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa m'chaka cha 2021, zinaonetsa kuti zaka pafupifupi 85,000 zapitazo anthu a kumeneko anali atayamba kale kusintha maonekedwe a dziko potentha tchire. Patapita mibadwo yosawerengeka kunabwera anthu odziwa kusungunula chitsulo m'ng'anjo, ndipo pambuyo pawo kunadzuka ufumu wa Kalonga umene likulu lake linali ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka. Dzina lenileni la Amaravi limamasuliridwa kuti anthu a malawi a moto. Ena amati linachokera ku kunyezimira kwa nyanja dzuwa likamatuluka, ena ku moto wa ng'anjo umene unkaoneka usiku, enanso ku moto wa m'tchire wa m'chilimwe. Kumasulira kulikonse kumabwerera ku moto.

Wopala, wonyamula ndi wopeka

M'mudzi wakale moto sunkayatsidwa tsiku ndi tsiku. Unkasungidwa. Mayi wanzeru ankasiya chikuni chachikulu pa mafuwa usiku n'kukwirira makala ndi phulusa, kuti m'mawa angofukula ndi kuuzira. Ukazima, mwana ankatumidwa ndi phale kukapala moto kwa anansi, ndipo kumana mnzako moto chinali chinthu chochititsa manyazi. Kupala moto kunali ndi malire akenso, monga akunenera mawu akuti wapala moto kudambwe, onena za munthu amene wadziputira mlandu pokatenga chinthu pamalo posayenera.

Koma mlenje wogona m'thengo, msodzi wa pa chilumba, ndi wamalonda wonyamula makasu, mchere kapena nsalu za thonje kupita kutali analibe mnansi woti n'kupalako. Anthu otere ankadalira njira ziwiri. Yoyamba inali kunyamula moto wamoyo: chikuni chofuka, chitsononkho chonyeka pang'onopang'ono, kapena ndowe zouma zimene zimasunga khala nthawi yaitali popanda lawi. Njira imeneyi inali yofulumira pofika pogona, koma mvula ikagwa kapena munthu akawoloka mtsinje wodzala, motowo unkatha.

Yachiwiri inali kupeka. Wopeka ankagoneka pansi kamtengo kofewa ndi kouma, n'kukaponda ndi phazi kuti kasasunthe. Pa kamtengoko ankaboola kadzenje ndi mpeni, n'kucheka kampata kuchokera pa kadzenjeko kufika m'mphepete. Kenaka ankaimika kamtengo kowongoka m'kadzenjemo n'kumakapukusa pakati pa zikhatho, uku akukanikizira pansi. Kufufuta kwa mitengo iwiriyo kunkatulutsa fumbi lakuda lotentha limene linkagwera pa kampata paja n'kuunjikana, mpaka muluwo unkayamba kufuka wokha. Khala lake linkakhala laling'ono ngati njere ya mapira. Ankalitenga mosamala, kuliika m'kachisa ka udzu wofewa kapena sanza za chiwondo, n'kuuzira pang'onopang'ono kufikira lawi litabuka.

Ntchitoyi inkafuna kudekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Manja akamatsika m'munsi mwa kamtengo, wopeka ankayenera kuwabwezera pamwamba msanga kutentha kusanathe, n'chifukwa chake amuna awiri ankakonda kulandizana, wina akafika pansi mnzake n'kuyambira pamwamba. Mdani wamkulu wa timitengoti chinali chinyezi, motero mlenje ankatisunga pouma, m'phodo pamodzi ndi mivi kapena m'thumba la chikopa, ndipo sankadikira kuti akatifune m'thengo mvula itayamba kale.

Nzeru yonyamula njira ziwiri si ya Amaravi okha. M'chaka cha 1991, m'mapiri a Alps pa malire a Italy ndi Austria, munapezeka thupi la munthu amene anafera m'chipale zaka pafupifupi 5,300 zapitazo, amene akatswiri anamutcha Ötzi. Iye anali ndi chotengera cha khungwa la mtengo mmene munali makala okulungidwa m'masamba, ndipo m'kathumba ka pa lamba wake munali bowa wouma wogwira moto msanga. Anthu a m'maiko otalikirana chotere, osadziwana konse, anafika pa lamulo limodzi: woyenda m'thengo asadalire moto umodzi.

Moto watsopano

Kupeka sikunali kwa apaulendo okha. M'madera ambiri a Amaravi, pa nthawi zazikulu monga pomanga mudzi watsopano kapena pofuna kuchotsa tsoka limene lagwera mudzi, moto wakale unkazimitsidwa, phulusa lake n'kukatayidwa kutali, ndipo akuluakulu ankapeka moto watsopano umene nyumba zonse zinkapalako. Moto wopekedwa unkatengedwa kuti ndi woyera, chifukwa sunadutse m'manja mwa munthu wina aliyense. Ngakhale kutentha tchire kunali ndi eni ake ndi nyengo yake. Ku kachisi wa mvula wa ku Bunda, pafupi ndi Lilongwe, phiri linkatenthedwa mwamwambo chaka ndi chaka, ndipo m'midzi uzimba wa moto sunkachitika popanda chilolezo cha mfumu mwini dziko. Mnyamata wodziwa kupeka ankadziwanso kuti si paliponse kapena nthawi iliyonse pamene angayatse.

Kalumo ka mlendo

Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa nkhani ya moto kalumoko kanachokera ku Ulaya. Chodabwitsa n'chakuti laita ndi yakale kuposa machesi okanda. M'chaka cha 1823 katswiri wina wa ku Jena m'dziko la Germany, Johann Wolfgang Döbereiner, anapanga chiwiya chimene chinkatulutsa mpweya woyaka kuchokera ku asidi ndi chitsulo cha zinki. Chinkayaka ndithu, koma chinali botolo lolemera la asidi, loyenera pa tebulo osati pa ulendo.

Machesi okanda anatulukiridwa ndi John Walker, wogulitsa mankhwala wa ku Stockton-on-Tees ku England, amene anayamba kuwagulitsa m'chaka cha 1827. Amene anatsatira anayamba kuikamo fosifolasi woyera, mankhwala oyaka msanga koma aululu, amene ankawoletsa nsagwada za ogwira ntchito m'mafakitale. M'chaka cha 1888 amayi ndi atsikana pafupifupi 1,400 a pa fakitale ya Bryant & May ku London ananyanyala ntchito podandaula za malipiro, zindapusa ndi mavuto a pa ntchito, ndipo m'chaka cha 1906 maiko angapo anagwirizana ku Berne kuletsa fosifolasi woyerayo m'machesi. Njira yabwino inali itapezeka kale ku Sweden, kumene Gustaf Erik Pasch m'chaka cha 1844 anaganiza zoika fosifolasi wofiira pa bokosi osati pa mutu wa kamtengo, ndipo abale a Lundström a ku Jönköping anaikonza bwino n'kuyamba kupanga machesi ambiri otere m'zaka za m'ma 1850. N'chifukwa chake machesi ambiri a masiku ano sayaka pokhapokha akandidwe pa bokosi lawo.

Ku dziko la nyanja machesi anafika ndi amishoni ndi amalonda. Kampani ya African Lakes, imene inakhazikitsidwa ku Glasgow m'chaka cha 1878 ndipo anthu anaitcha Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a John Moir, inatsegula masitolo, ndipo pambuyo pake masitolo a amwenye anafalikira m'maboma ndi m'misika. Bokosi la machesi linakhala chimodzi mwa zinthu zimene banja limagula pamodzi ndi mchere, sopo ndi parafini wa koloboyi. Mwa njira imeneyi kupeka kunayamba kuchepa. Palibe amene anakuletsa, kunangosowa wokuphunzira. Komabe machesi anabwera ndi chilema chimene timitengo ta makolo tinalinso nacho, ndipo anachikulitsa: timitengo topekera tikanyowa tinkaumitsidwa n'kugwiranso ntchito, koma bokosi la machesi likanyowa kwambiri, mitu imasungunuka ndipo pokanda pamafumbutuka.

Mwala umene si mwala

Laita ya m'thumba inatheka chifukwa cha Carl Auer von Welsbach wa ku Austria, amene m'chaka cha 1903 anasakaniza chitsulo ndi mtundu wina wa chitsulo wotchedwa cerium. Chosakanizachi chikakandidwa chimathothoka tizidutswa timene timayaka tokha mu mpweya. Kameneka ndi kaja anthu amakatcha mwala wa laita, ngakhale kuti si mwala. Dzinali linatsalira kuchokera ku njira yakale yomenyetsa mwala pa chitsulo, imene inkagwiranso ntchito pa mfuti zina za gogodela.

Kuchokera pamenepo kunabadwa malaita a chingwe chonyowetsedwa ndi mafuta. Yotchuka kwambiri mwa iwo ndi Zippo, imene George Blaisdell anayamba kupanga ku Bradford, Pennsylvania, m'dziko la America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Ili ndi kampanda ka chitsulo kobooka kozungulira lawi kuti mphepo isalizime. Pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kunabwera malaita a gasi wotchedwa butane, ndipo m'chaka cha 1973 kampani ya Bic ya ku France inatulutsa laita yake ya pulasitiki yotaya ikatha. Malaita analowa m'midzi monga katundu wina wachilendo ankalowera: kudzera m'masitolo, ndi m'matumba a amuna obwerera ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya ku Halale. Lero kwabweranso malaita odina, amene alibe mwala koma amatulutsa kamphezi kakang'ono ka magetsi, ndi ena otchajidwa ngati foni.

Mayeso a makolo pa laita ya lero

Mlenje wakale ankayesa chida chake cha moto ndi mafunso anayi: kodi chikanyowa chidzagwiranso ntchito, kodi chimapirira mphepo, kodi chimapirira chisanu, ndipo kodi mwini wake angachikonze yekha kutali ndi mudzi? Mafunso omwewa akafunsidwa kwa malaita a lero, iliyonse imaonetsa mphamvu yake ndi chilema chake.

Laita ya gasi ya kagudumu ndi yopepuka, yotsika mtengo, ndipo gasi wake sauluka ikangokhala, kotero imatha kusungidwa zaka. Ikagwera m'madzi imakana kwa kanthawi, koma ikakutumulidwa ndi kuumitsidwa imayakanso. Gasi akatha, kagudumu kamapitiriza kutulutsa nthethe zimene zingayatse thonje louma. Chilema chake choyamba ndi mphepo: msodzi wa pa nyanja nthawi ya mwera amayenera kubisa lawi m'zikhatho. Chachiwiri ndi chisanu. Butane amayamba kusanduka mpweya pamene kutentha kwafika pafupifupi pa mlingo umene madzi amaundana. Kukazizira kufika pamenepo amangokhala ngati madzi m'botolo ndipo laita siyaka. Zimenezi si za ku Ulaya kokha. Pa Nyika ndi pamwamba pa phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, usiku wa mu June ndi July chisanu chimagwa mpaka udzu kuyera. Mankhwala ake ndi osavuta: laita igone m'thumba la mkati pafupi ndi thupi, kapena ifunditsidwe m'khwapa isanayatsidwe.

Laita ya mafuta ndi chingwe imapirira mphepo ndi chisanu, ndipo mwini wake angasinthe yekha mwala ndi chingwe. Koma mafuta ake amauluka ngakhale isakugwiritsidwa ntchito, kotero yodzazidwa lero ingapezeke youma pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Ndi yabwino kwa woidzaza kawirikawiri, koma ndi yonyenga kwa woiika m'chikwama kuti idzamuthandize tsiku la tsoka. Laita yodina ndi yofewa pa chala, koma kachipangizo kake kakafa palibe chimene munthu angachite m'thengo, ndipo ilibe nthethe zoyatsira thonje. Yotchaja siopa mphepo, koma batire ikatha pamalo popanda magetsi imangokhala katundu.

Palinso kandodo ka chitsulo chomwe chija cha Auer von Welsbach, kokula ngati chala, kamene kamakandidwa ndi msana wa mpeni. Kameneka sikafuna gasi kapena mafuta, ndipo kakanyowa kamangopukutidwa. Koma sikapereka lawi, kamapereka nthethe zokha, motero kamafuna zomwe ankafuna wopeka: kachisa kouma kokonzedweratu, ndi manja ozolowera. Mwa zida zonse zatsopano, kameneka ndiko kali pafupi kwambiri ndi timitengo ta pa Kaphirintiwa.

Tsono palibe laita imodzi imene imapambana mayeso onse anayi, monganso chikuni chofuka ndi timitengo topekera sizinkapambana chilichonse pachokha. Woyenda wanzeru amachita zimene ankachita mlenje. Amanyamula laita ya kagudumu yopangidwa bwino, yosatayikira gasi, imene waiyesa asananyamuke, n'kuiika m'thumba la chovala. Kwina, m'katundu, amasunga njira yachiwiri: machesi omangidwa m'kapepala ka pulasitiki kapena m'kabotolo kotseka bwino pamodzi ndi pokandira pake, kapena kandodo ka nthethe. Amasunganso pouma thonje pang'ono lopakidwa mafuta odzola, kapena kachidutswa ka kandulo, pakuti nthawi ya dzinja chosowa si lawi koma choti lawilo ligwire. Laita ya gasi saiika padzuwa kapena pafupi ndi mafuwa, chifukwa ikatentha imaphulika. Ndipo zida ziwirizi sazisunga m'chikwama chimodzi, poti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chikwama chikapita ndi madzi, chotsala ndi chimene chili pathupi.

Dambo lozimira moto

Pali chinthu chimodzi chimene kufulumira kwa laita kunachotsa. Wopeka moto ankakhetsa thukuta, ndipo chimene munthu wachivutikira sachitaya mwachisawawa. Lero mwana aliyense angayatse phiri lonse ndi chala chimodzi pofuna mbewa zochepa. Moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo tchire latsala pang'ono. Pa phiri la Mulanje mkungudza, mtengo wa fuko la Malawi umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto wolusa umene umapha mbande zisanakule. Manda a makolo, nkhalango za akachisi ndi misasa ya udzu ya pa miyambo zonse zimapsa ndi lawi lomwe lija laling'ono.

Motero mwambo wa moto wa paulendo suthera pa kuyatsa. Makolo ankalambula pansi asanasonkhe, ankayang'ana kumene mphepo ikulowera, ndipo ponyamuka ankathira madzi kapena dothi n'kuonetsetsa kuti phulusa lazizira. Anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. M'midzi ina akadalipo okalamba amene manja awo akukumbukira kupeka, amene amadziwa mtengo woyenera kugoneka pansi ndi woyenera kupukusa, aliyense monga mwa mitengo ya kwawo. Nzeru imeneyi siili m'sitolo, ndipo mwini wake akaikidwa m'manda imapita naye. Mnyamata amene pa mwambo ngati uno adzakhale pansi pafupi ndi gogo wake, n'kupempha kuti amuonetse timitengo tiwiri tija, adzabwerera kwawo ndi moto wachitatu, umene sunyowa, sutha gasi, ndipo sungagwe m'thumba.